Chikwama Chimene Chinaluma Mfuti

Ketulo inalira pakati pa usiku. Make khanda anadzidzimuka, nafungatira mwana. Tiyi nthawi ino? Atasuzumira pa mng'alu wa chitseko anaona apongozi ake atawerama pa tebulo la ntchito, akukhuthulira madzi obwadamuka m'beseni.

Apongoziwo ankasoka zikwama za mfuti za m'manja, zija alonda amapachika pa lamba. Luso analitola kwa malemu amuna awo, osoka nsapato. Chikopa ankachidula ndi mpeni, kuchibowola ndi msomali wonola, n'kusoka ndi ulusi wopaka phula. Akatero ankachinyowetsa, kukulunga mfuti m'pulasitiki, kuilowetsamo, n'kumakanikiza ndi mpini wa supuni mpaka chikopa chitatenga thupi la mfutiyo. Mwini mfuti ankachotsa zipolopolo n'kuisiya kuti igone momwemo.

"Madzi ofunda basi," ankatero akamaphunzitsa mpongozi wawo. "Otentha amachikwinyitsa. Chikauma chimati gwa, chimaluma mfuti osailavulanso."

Nanga lero otentha bwanji?

Chikwamacho chinali cha mwana wawo, mwamuna wa make khanda, yemwe kukampani ya alonda anali atangomupatsa mfuti. Ndi yemweyo anamugulula dzino mkazi wakeyu, mpaka anathawira kuno kwa apongozi. Dzulo lake, posiya mfuti, mwamunayo anamunong'oneza mkaziyo kuti, "Ndikangoimanga m'chiuno, tiona kothawira." Apongozi anali akunola mpeni, ngati sakumva.

Mwamunayo anabwera dzuwa litakwera, akununkha mowa wa dzulo. Analowetsa chikwama pa lamba, mfuti ili momwemo, nabwezera zipolopolo kuchigwiriro chimene chinatulukira kunja.

"Ntchito mumaitha, amayi. Iwe, nyamula mwana tizipita."

"Sapita," anatero apongozi.

"Anakwatiwa ndi inu?"

Anamugwira tsitsi mkazi wake, nammenyetsa pa mphuthu ya chitseko. M'maso munachita mdima, m'kamwa mchere wokhawokha. Pamphasa mwana analira momvetsa chisoni. Apongozi atalowa pakati, chibakera chinawapeza pamphuno, nagwera pa tebulo. Magazi anadontha pa chikopa chatsopano.

"Lero ndikumaliza!" Dzanja linapita m'chiuno.

Make khanda anadziponya pa mwana wake, natsinzina. Anadikira. Kunangomveka kupuma kwa befu ndi kulira kwa lamba. Atatsegula diso limodzi anaona mwamunayo akukoka ndi manja onse awiri, buluku likukwera mpaka m'mimba, mfuti osasuntha. Chala chinafufuza pokhethemulira, koma chikopa chinali chitaphimbapo, cholimba ngati thabwa.

"Mwachita chiyani, amayi?"

"Ndakuyeza bwino, bambo mlonda."

Nyundo yamtengo imene apongozi ankakhomera mabatani inatera pa mkono wa mwamunayo, khoo! Anakuwa ngati mbuzi, nagwada. Apongozi anamuponda pamsana, nalowetsa mpeni pansi pa lamba n'kudula kamodzi kokha, monga amadulira chikopa cha ng'ombe. Atamva phokosolo, wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana analowa ndi anzake, namukhalira.

"Mwana wanu ndine!" analira ali chafufumimba. "Mukundipereka chifukwa cha mkazi?"

"Ndinakubereka, ee. Mfutiyi sindinabereke."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. Anakulunga chikwama ndi mfuti yake m'thaulo, naika pansi pa dengu. Make khanda anatunga madzi kuti asukusule.

"Usasambe, mwana wanga. Akaone mmene ulilimu."

"Tikupita kuti, amayi?"

"Kupolisi, kenako kwa mabwana ake. Chikwamachi ndikachitumbula ndekha pamaso pawo, amve chifukwa chimene ndinachiwiritsira." Anayang'ana mwana wawo wamwamunayo kanthawi, natembenukira kukhomo. "Bereka mdzukulu wanga. Tsogola."