Kabokosi kamene ndinavundikira ndi mphika

Chinayamba ndi kulira kwa m'chifuwa mwa mwana wanga wamng'ono, ngati kamwana ka mphaka, ali kumsana ine ndikutembenuza milamba pa waya. Ndinkaima, kumvetsera, n'kuyambiranso ntchito.

Masiku amenewo ku nyanja ya Amaramba tinkawambira nsomba m'chisakasa chotchinga mbali zonse. Ndimachisowa chisakasa chija. Mvula ikamagwa ana onse awiri ankakhala momwemo, wamkulu akuba matemba otentha n'kumauzira zala, ine ndikuimba, utsi ukuthamangitsa udzudzu. Nkhuni zikanyowa tinkakolezera ndi mapulasitiki, monga aliyense.

Mlamu wanga, mlongo wa bambo a ana, ndi purofesora, amaphunzitsa ana ku sikola ya ku Insaca. Anabwera ndi kabokosi kamene anapanga ndi anzake kuti akapite nako ku konkuruso, mpikisano wa zida zoyeza mpweya woipa.

"Mlamu, ndikapachike muno. Utsi ukachuluka kayaka kofiira, n'kundiuza pa telefoni."

"Kazikuuzaninso ndikamakujedani?"

"Zimenezo zimandifika kale popanda kabokosi."

Tinaseka. Koma nditangokoleza moto kanayaka kofiira, osazimanso, tsiku lonse kakundiyang'ana. Mantha anandigwira, ndinati kakanena kuboma, azidzati ndikupha mwana, andiletsa kuwamba, ndiye tidya chiyani? Ndinakatsitsa, n'kukavundikira ndi mphika pansi.

M'mawa mwake mlamu uja anatulukira pa njinga, matope mpaka m'mawondo.

"Mwasiya kuwamba? Telefoni ikuti muno mpweya uli ngati wa kuphiri."

Anaona mphikawo. Sanaseke. Anandimasula mwana kumsana, n'kuika khutu pachifuwa pake nthawi yaitali.

"Kabokosi mwakavundikira. Nanga uyu mumuvundikira ndi chiyani?"

Tsiku lomwelo tinapita naye mwanayo kuchipatala, anatipatsa mankhwala, n'kundifunsa zimene timatentha pakhomo. Ndinanena zonse, ndi mapulasitiki omwe.

Kabokosi kanabwerera ndi mwini wake, ndipo ndinamva kuti sikanapambane. Ine ndinagwetsa mipanda ya chisakasa ndi manja angawa, kunangotsala denga. Mapulasitiki ndinasiya, ndimaumitsa zitsononkho za chimanga zokolezera. Ndisanayatse moto ndimaponya phulusa m'mwamba kuti ndione kolowera mphepo, n'kuwayalira ana mphasa kumene ikuchokera. Mvula ikamabwera ndimakawasiya kwa anansi, akulira, n'kubwerera kukawamba ndekha.