Mapiritsi amene ndinabisa

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko kunali kugona. Chisanu cha ku Lichinga sichidziwa maliro. Amayi amene anachezera nane anali atadzifunda zitenje mpaka kumutu, panja moto utatsala makala okha. Amuna anga, Che Saide, anali atagonekedwa kuchipinda. Anagwa dzulo lake pamalo pawo pokhomera zidebe ku Namacula.

Mtima unawagwirapo koyamba chaka chatha. Adokotala anatifotokozera kuti m'magazi muli tizidutswa totchedwa mapulaketa, timene timathamangira pabala n'kumamatirana kuti magazi aleke kutuluka. Koma tikaunjikana mumtsempha wa kumtima, timautseka. Anawalembera asipirini, mmodzi tsiku lililonse, kuti tizidutswato tisamamatane.

Ine ndinamva ndi makutu okha. Munthu wogwira malata amadzicheka tsiku ndi tsiku, ndipo kabala kosaoneka n'komwe kanayamba kukha magazi mpaka kansanza kufiira. Ndinati mankhwalawa andimalizira mwamuna magazi. Ndinawabisa, n'kumawiritsa masamba a mapeyala oti awonjezere magaziwo. Iwo ankangoseka, amvekere mkazi wawo waposa adokotala.

Nkhungu itayamba kuchoka, anthu anadzaza pabwalo, a ku Sanjala, a ku Assumane, ndi abale a kunyanja atasenza usipa. Aliyense ankandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndinawasamala bwino amuna anga. Mawu amenewo ankandilasa. Mwana wathu Amina, amene ndi namwino ku Cuamba, anafika akulu akumaliza kusambitsa thupi.

Itatha swala, pemphero la masana, ananyamula maliro pa jeneza. Ife akazi sitipita kumanda. Ndinaima pakhomo kuyang'ana zisoti zoyera zikutsetsereka ndi msewu mpaka zinakhota pamabulugamu. Kuyambira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi kumene tinakwatirana, munthuyu anali asanachokepo pakhomo osanditsanzika.

Madzulo anthu atachepa, Amina anadzakhala pafupi nane.

"Amayi, makompirimidu, mapiritsi a mtima aja, ankamwa bambo? Ngati ankamwa, mtima wanga ukhala pansi. Ndidziwa kuti ndi Mulungu."

Bodza linali pakamwa penipeni, ndipo likanamugoneka tulo mwanayo. Koma ndinali nditatopa kuyamikiridwa.

"Ndinawabisa ine, mwanangu. Miyezi itatu."

Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anapinda mkeka wake n'kukayala kukhitchini kumene kunali azakhali ake. Ndinakhala pomwepo kudikira kuti mwina abwera kudzandiyatsira nyali, mpaka mdima unandipeza.