Zilembo za pa Chiliza cha Amuna Anga

Ine kuwerenga ndaphunzira ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha kwathu ku Mkanda. Pa zilembo zonse, a wanga ndimam'dziwa: wozungulira ngati dzira, kandodo pambali. Ndiye mwana wanga, uja amaolotsa katundu wa mathiraki paboda, atati timange chiliza cha bambo ake, ndinavina. Ndinati dzina la amuna anga ndikaliwerenga ndekha pamwala, anthu akumva.

Anabwera ndi pepala loti wosema mwala akaonerepo. Ndikati ndiyang'ane, mayo ine! A palibe. Pamalo pake pakhala kanthu kopindika msana, kachipewa kumutu.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi a, amayi. Wamakono."

"Wamakono wa kwa yani? Bambo ako anali amakono?"

Anaseka. Kundiseka ine! Kumanda sitipitako ngati kudimba. Tsiku lovundukula chiliza ndi lomwelo, ukalephera kuwerenga pamenepo walephereratu, ndipo mwala sufufutika.

Kutacha ndinakwera kabaza mpaka paboma, kusitolo kumene anasindikiza pepalalo. Pakompyuta panali mayi wina, akutafuna mtedza.

"Agogo, chilembo ndi chilembo," anatero.

"Mwanawe, mwamuna ndi mwamuna, koma ungakwatiwe ndi aliyense?"

Anatsamwa ndi mtedza kuseka. Kenaka anagwira kanthu kaja amati mausi, nasankha a uja, nadina apa, nadinanso apo. Pakompyutapo panatseguka kazenera, ndipo taonani! Ma a ali ndandanda ngati amayi pachigayo: wamchira, wopendekeka, wachipewa uja, ndipo kumapeto kwenikweni, ali phee, wanga wadzira.

"Alipo! Nanga mumam'bisiranji?"

"Si ine, agogo. Opanga zilembozi amaika mmodzi pakhomo, enawo kuseri. Ambiri sadziwa n'komwe kuti aliko."

Kuseri! Chilembo chimene aphunzitsi amalemba pabolodi, chimene ndachivutikira ndi zala zouma ndi khasu, n'kuchitsekera kuseri ngati mbuzi yodwala? Ndinamuimirira pamsana mpaka anasintha a aliyense, ndi g yemwe, uja anali atavala magalasi.

Tsiku lovundukula chiliza, atachotsa nsalu pamwala, abusa anakonza kukhosi kuti awerenge. Ndinati, "Pepani abusa, awa ndi anga." Ndinaika chala pachilembo choyamba, ndipo ndinawaitana amuna anga dzina lawo lonse, dzina limene sindinawatchulepo ali moyo, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto.

Alamu anga anandikoka chitenje, ati kumanda saimba nthungululu.

Ndinaimba.