Hita ya m'Galaja la Mkamwini

Ine ndinapita ku America chifukwa cha maso. Musamve za anthu zoti ndinathawa njala, ayi. Pa Dedza panalibe mmisiri wokhoma mbaula kundiposa ine, kafunseni pamsika. Koma maso atayamba kuchita chifunga, nyundo n'kumagwera pachala m'malo mwa lata, mwana wanga Esinati anaimba foni kuti, "Ababa, bwerani kuno, ntchito za msinkhu wanu ziliko." Mayi ake anati, "Pitani. Mmisiri wa malata adzafera m'nyumba yaudzu?" Ndinasiyira nyundo Yohane, mwana wa mlongo wanga, ine ulendo.

Ntchito inapezekadi, yokolopa maofesi ku Arlington. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, msana ukulira. Zimenezo sizinandivute. Chinandivuta ndi nyumba ya ku Laurel, komwe ndinkakhala kwa Esinati. Kwathu mkamwini ndiye amabwera pakhomo pako, akakuona panjira amapatuka. Uko ine ndi amene ndinali pakhomo pa mkamwini. Bambo a Tadala, mwamuna wa Esinati, munthu wabwino ndithu, wa ntchito ya kubanki, koma avala kabudula, adzakhala pasofa pomwe ndakhala ine, miyendo patebulo. "Adadi, mpira wayamba." Ine? Kuonera mpira mapewa atagundana ndi mkamwini? Ndinanyamula mpando kupita nawo kugalaja, ndipo kwanga kunakhala kumeneko.

Ndiye chinafika chisanu. Ndinkadzitama kuti munthu wa ku Dedza sauzidwa za kuzizira. Abale, kwathu kuno timasewera. Uko madzi m'chidebe amauma gwa, makutu ngati si ako. Ndinakokera m'galaja chowotchera nyama cha panja, makala khuthu, chitseko tseke. Esinati anandipeza ndisanayatse.

"Ababa! Mukufuna ndikutumizeni kumudzi m'bokosi? Lowani m'nyumba, apo ayi tikagule hita."

"M'nyumba sindilowa. Tiyeni kusitolo."

Anandiperekeza ndi mkamwini yemweyo. Ya magetsi ndinaikana pomwepo, moto wopanda lawi si moto. Tinapita kwa za gasi wa m'botolo, uja amati puropeni. Maso anga, ofooka omwewo, anagwa pa chimodzi chachikulu, chimpope ngati mzinga. Ndinachigogoda ndi chala. Chitsulo chenicheni.

"Ichi," ndinatero.

"Adadi, icho n'cha kumalo omanga nyumba, kopita mphepo. Chimabangula, chimadya mpweya wonse. M'galaja lotseka mungogona osadzukanso. Tengani aka, kam'nyumba. Mpweya ukachepa kamazima kokha, kakagwa kamazimanso."

Kanthu kake ngati wailesi. Ndinafunsa kuti kamafunditsa anthu angati.

"Galaja lathu ndi la galimoto imodzi. Kwa inu nokha kakwana."

Inu nokha. Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinakweza mawu mpaka azungu anacheuka. Mkamwini ankayeza galaja, ine ndinkayeza anthu. Pa shedi yanga pa Dedza, ikafika Juni, mbaula sinkazima. A Kachingwe atelala, a Banda a butchala, anyamata a kabaza, onse manja pamoto, mbatata m'phulusa, mabodza akuphulika. Sindinaitanepo munthu. Moto ndiwo unkaitana.

Tinagwirizana pa yapakati, yamateyala, botolo lobisika kumbuyo, yololedwa m'nyumba. Ndinalipira ndekha, za thukuta langa lokolopa. Mkamwini anakhoma pakhoma kabelu kolira mpweya ukaipa, n'kundilumbiritsa kuti chitseko chizikhala chotsekula mpata wa chikhatho. Ine ndinaonjeza mipando yopinda. Lamulungu ku tchalitchi ku Greenbelt ndinaimirira panja n'kulengeza kuti ku Laurel kuli moto, amuna onse abwere.

"Tibwera, agogo, tibwera ndithu."

Anabwera mmodzi, a Tembo a ku Zambia, oyendetsa basi ya ana asukulu. Anaona mipando ija ili ndandanda, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mudala, mwaitana msonkhano wa chipani? Kuno bantu sibabwela chabe. Nyumba zonse zili na moto."

Tinkakhala awiri, tikudya chimanga cha m'sitolo chotsekemera ngati nzimbe, ine kuwanyoza kuti Chinyanja chawo n'chothyoka, iwo kundinena kuti ndimalankhula ngati ndikuitana ng'ombe. Kenaka ana awo anawatengera ku Texas. Ndinatsala ine, hita ikuchita fuu, ndi mipando. Mayi a Esinati akaimba ankafunsa, "Anzanu ocheza nawo alipo?" Ine ndinkati, "Mipando ilipo yambiri."

Maondo atakana masitepe a maofesi aja, ndinati basi, ndikaothe moto wa kwathu. Ndinasankha dala kufika mu Juni.

Nyumba ndinaipeza ya malata, sofa pabalaza. Mmawa mwake ndinapita kushedi. Yohane mbaula akukhomabe, koma yoyaka panalibe. "Makala adula, amalume, tingamaothetse anthu aulere?" A Kachingwe anaikidwa kale. A Banda ali kwa ana awo ku Lilongwe, sakuzindikiranso munthu.

Madzulo kunyumba anandiyatsira mbaula, yokhoma ine ndi manja angawa, n'kuiika pabalaza patsogolo pa sofa. Ndinamva mayi a Esinati akuuza adzukulu panja kuti, "Musakawasokoneze agogo, anazolowera za ku America, kukhala paokha." Onse anakathithikana kukhitchini, kuseka kwake kumveka mpaka kumsewu. Ndinanyamuka kuwatsatira. Nditangosuzumira, zii. Wina wathamangira mpando, wina wabisa mbatata kumbuyo, mkamwini wanga wa kuno, mwamuna wa mng'ono wake wa Esinati, wazemba potulukira. Ulemu wonse uja ndinkaulira ku Laurel, ndi umenewu, wandipeza.

Ndinabwerera pabalaza. Ndinatsekula chitseko mpata wa chikhatho, monga anandiphunzitsira bambo a Tadala. Mayi a Esinati podutsa anati, "Tsekani, mukulowetsa mphepo."

"Chisiyeni," ndinatero. "Mpweya."

Kukhitchini anali atayambiranso kuseka.