Hutala ya Che Kassimu

Ku Biwi, munthu amene sanaimbiridwepo hutala ndi Che Kassimu ndiye kuti wabwera dzulo. Bambowa anachoka ku Machinga ali mnyamata, nadzayamba kusoka zigamba pakhonde la sitolo ina ku Old Town. Maso atayamba kukana kulowetsa ulusi, anagulitsa makina n'kugula kapikapu koyera, kotopa kale, kamene ankanyamulira amayi a geni tomato ndi kabichi kuchokera ku Njewa. Moni wa pakamwa ankapereka ndithu, koma wa hutala ndiye anali matenda awo. Wowotcha chimanga, pi! Shehe akuchokera kumzikiti, pi-pi! Ngakhale amene anakangana naye dzulo lake ankalandira yake.

Akazi awo, Abiti Idi, anamwalira chaka chatha. Kuyambira pamenepo mwana wawo Zulaikha, wokwatiwa ku Njewa, sanawapatse mpata. Ankafuna kuti atseke nyumba, aleke kuyendetsa, akakhale naye. Iwo ankangoyankha kuti aona. Mumtima ankaopa kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti akasiya chiwongolero asiyanso anthu onse a m'misewu ija.

Kenaka geji yoonetsa kutentha kwa injini inayamba misala. Kasingano kankakhala bwinobwino pakati, mwadzidzidzi n'kulumphira kofiira, n'kubwereranso ngati sikanachite kanthu. Makaniko wina anachotsa themositati, kachipangizo kowongolera madzi oziziritsa injini, ati zimenezo n'za kumayiko ozizira. Wina anasintha sensa yoyeza kutenthako. Kasingano sikanamvere aliyense.

"Ababa, injini ikakhala kuti yatha, musakonzenso," anatero Zulaikha. "Mukwere basi, mubwere kwathu."

Che Kassimu anavomera, poti mawu okanira anali atawathera. Anangopempha kuti ayambe waiona Eneless, mayi wokonza zamagetsi a galimoto kuseri kwa msika.

Eneless ali ndi kachitidwe kake kamene kamatopetsa anthu opupuluma: sagwira sipanala asanakwere galimotoyo mwini wake akuyendetsa. Anayang'ana madzi mu radiyeta, anapeza ali odzaza. Anakwera, Zulaikha atakhala pakati. Ulendo wonse wa ku Njewa, ngakhale pokwera mtunda, kasingano kanali phee. Atangolowanso m'Biwi, kanayamba kuvina.

Maso a Eneless anachoka pa geji n'kupita pa dzanja la mkuluyo. Wogulitsa makala, pi! Kasingano kanadumpha. Ana a sukulu, pi-pi! Kanadumpha kawiri.

Atafika pageti la nyumba yawo, Che Kassimu anaima n'kukanikiza hutala nthawi yaitali, monga ankachitira zaka zonse. Kasingano kanakagona kofiira mpaka dzanja litachoka. Iwo anakhala kaye, maso ali pageti. Palibe anatuluka m'nyumbamo. Kenaka anatsegula chitseko cha galimoto kuti akadzitsegulire okha geti.

"Che Kassimu, injini yanu ilibe mlandu," anatero Eneless. "Vuto ndi moni wanuyu."

Anatsegula boneti n'kuwaonetsa waya wonenepa wochokera ku batire, womangidwa pathupi la galimoto. Pomangirapo panali dzimbiri lokhalokha, bawuti ikugwedera. Anafotokoza kuti moto wa hutala ndi wa geji umabwerera ku batire kudzera pamenepo. Njira ikatsekeka, hutala ikalira moto umasokonekera, geji n'kumanama kuti injini yapsa. Anamasula wayayo, anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anapaka girizi pang'ono n'kumanga zolimba.

"Themositati ija mukaitenge kwa amene anaichotsa, ndidzaibwezere," anatero akupukuta manja. "Tsopano tayimbani tione."

Che Kassimu anaika dzanja pachiwongolero koma sanakanikize. Manyazi anawagwira. Mwana wawo anali atawaona akuimbira nyumba yopanda munthu, ndipo ankadziwa kuti zimenezo zikhala umboni wina wowatengera ku Njewa.

"Ababa, mumachita chonchi tsiku lililonse?" anafunsa Zulaikha motsitsa mawu.

"Dzanja linazolowera," anayankha. "Amayi ako ankati akamva, amadziwa kuti aike madzi a tiyi."

Zulaikha anawayang'ana. Iye ankaganiza kuti chimene chikuwasunga ku Biwi ndi liuma la ukalamba basi. Anawapempha kuti amupatse njira, anatsika, analowa pakageti kakang'ono ka pambali n'kukatseka. Kwa kanthawi sanaoneke.

"Imbani, Ababa!" anafuula ali mkati.

Hutala inalira, yaitali ija. Eneless anasuzumira pa geji: kasingano kanali pakati, osagwedezeka n'komwe. Che Kassimu sanayang'aneko. Iwo ankayang'ana geti, limene linali kutseguka.

Za ku Njewa Zulaikha sanazitchulenso. Masiku ano amabwera Lachisanu lililonse, amalowa m'nyumba bambo ake asanabwere kumzikiti, n'kuika madzi pamoto.