Kaliwu Kodikira Mnzake

Mumzinda wa Adelaide muno, aliyense amene buku la makolo ake lathothoka msana amalidziwa khomo la Mayi Noreen Tredinnick. Zaka makumi anayi ndi mphambu akhala akusoka mabuku akalekale, ena oyambirira kusindikizidwa ndi makina, ena olembedwa pamanja m'Chilatini pa chikopa cha thole. Ndi mayi wamfupi, wapakamwa polasa. Yerekezani kunyowetsa chala ndi malovu kuti mutsegule tsamba iwo akuona, ee, mudzalakalaka nthaka itang'ambika mulowemo. Koma ukali umenewu uli ndi pochokera, ndipo ife owadziwa sitiwaimba mlandu.

Ali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri analembedwa ntchito m'sitolo ya Bambo Alwyn Pascoe, wogulitsa mabuku akale. Chaka chomwecho bwanayo anabwera kuchokera ku Ulaya ndi kabuku ka mapemphero, kakang'ono ngati chikhatho, kolembedwa pamanja zaka mazana asanu zapitazo, zilembo zina zili waliwali ndi golide. Kanakhala m'kabati miyezi isanu ndi itatu. Anthu ankangokasirira, kumva mtengo, kutsokomola pang'ono, basi ulendo.

"Noreen iwe, manja ako sanjenjemera," anatero Bambo Pascoe tsiku lina, akuwapatsa mpeni. "Dula. Tsamba lililonse m'felemu yakeyake yopachika pakhoma. Ng'ombe yathunthu yakana kugulika, tigulitsa nthuli."

"Koma bwana, limeneli si tchimo?"

"Tchimo ndi sitolo yotsekedwa, mwanawe. Dula bwino, usakhotetse."

Anadula. Wantchito watsopano akanakana bwanji? Ndipo chimene chimawaluma mtima mpaka lero n'chakuti anadula mwaluso, mosakhotetsa ngakhale pang'ono. Masamba oposa zana anamwazikira m'nyumba za anthu miyezi itatu isanathe.

Akudula choncho anaona kanthu. Mlembi uja ankalemba bukulo m'timitolo ta masamba asanu ndi atatu, ndipo kumapeto kwa kamtolo kalikonse, m'munsi mwenimweni, ankasiyapo kaliwu kamodzi kali kokhakokha. Kaliwuko ndi kamene kankayamba tsamba lotsatira, kuti wosoka asasokoneze timitolo. Munthu amene anamwalira kalekale ankalankhula ndi wosoka, kumuuza kuti ichi chigundane ndi ichi. Ndiye wosokayo ndi uyu wagwira mpeniyu. Manyazi anawagwira, ndipo sanawasiyenso.

Tsamba limodzi linatsala, chifukwa linalibe golide. Pamene a Noreen ankakwatiwa ndi a Lindsay, woyendetsa sitima, Bambo Pascoe anawapatsa lomwelo ngati mphatso. A Lindsay anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bwana yense uja, mphatso yake chotsala? Munthu ameneyu ngakhale chimfine sangakupatse chaulere."

Koma m'munsi mwa tsambalo munali kaliwu kaja: tecum. M'chinenero chathu ndiye kuti "pamodzi nawe". A Noreen analipachika kuchipinda, ndipo atatsegula malo awoawo osokera mabuku analumbira kuti mpeni wawo sudzalekanitsanso masamba. Kuyambira pamenepo anayamba kusaka tsamba limene kaliwuko kankaitana. Kumisika ya zinthu zakale, kumene akugulitsa katundu wa omwalira, ngakhale m'nyumba za eni atapita kukacheza, maso ali pakhoma.

"Akazi anzako amasuzumira m'miphika ya anthu, iwe makoma," ankatero a Lindsay. "Tsiku lina adzatiyesa akuba."

A Lindsay anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kenako nyamakazi inalowa m'zala za a Noreen, ndipo dokotala sanawabisire kuti singano ili pafupi kuwakana. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: masamba awiriwo awasoke ndi manja awo omwe anadulawo, zala zisanaumiretu.

Mwezi wa Malichi chaka chatha, munthu wina wodzasoketsa buku anawatsina khutu kuti kutauni ya Kapunda kuli mkulu wina, Bambo Desmond Quilty, amene kale ankameta nkhosa, ndipo m'khitchini mwake muli tsamba la Chilatini logulidwa kwa Pascoe. A Noreen anaika tsamba lawo mu envelopu yolimba, singano ndi ulusi m'chikwama, n'kunyamuka m'mawa dzuwa lisanayambe kuotcha.

"Ndinakuuzani kale pafoni, mayi, sindigulitsa," anatero Bambo Quilty ali chiimire pakhomo.

"Ndani wati mugulitse? Moni kaye, bambo inu. Ku Kapunda kuno alendo mumawalandirira padzuwa?"

Anawalowetsa, n'kutereka ketulo. Tsambalo linali pakhoma pafupi ndi zenera, mbali ya golide ikuyang'ana kunja. Pagalasi panali kamalo kothimbirira. Bambo Quilty anafotokoza kuti malemu akazi awo, a Bernadette, Chilatini sankachidziwa n'komwe, koma m'mawa uliwonse ankakhudza pamenepo ndi zala ziwiri asanamwe tiyi. Zaka ziwiri tsopano mkuluyo sanapukutepo.

"Ndifuna kuona kumbuyo kwake," anatero a Noreen. "Galasilo sindilipukuta, ndalonjeza."

Mkuluyo anazengereza, kenako anapita kuchipinda n'kubwera ndi magolovesi oyera a akazi awo. Akuti anaona pa wailesi ya kanema kuti zinthu zakale amazigwira choncho.

"Chotsani zimenezo! Magolovesi ndiwo amang'amba masamba. Kasambeni m'manja ndi sopo, mupukute bwinobwino."

"Ha! Bernadette anandiimbira nyimbo yomweyo zaka makumi asanu. Ndimati ndapumula."

A Noreen anamasula felemu pang'onopang'ono, n'kutembenuza tsamba. Pamwamba, kumanzere, liwu loyamba linali lomwelo: tecum. Anatulutsa tsamba lawo n'kuligoneka pambali. Inki yomweyo, mizere ikugundana ndendende, ndipo m'mphepete monse muwiri munali mowongoka bwino, ntchito ya mpeni umodzi. Misozi inangoti mbwembwembwe.

"Ndine ndinadula, bambo. Ine ndemwe, ndi manja ano."

"Pepani, mayi. Nanga liwulo likuti chiyani?"

"Likuti pamodzi nawe."

Bambo Quilty anayang'ana pakhoma, pamene panatsala malo oyera a ngodya zinayi.

"Ndiye kuti mupita nalo eti? Tengani. Poti ndi la mnzake."

A Noreen nawonso anayang'ana pakhomapo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akadzalipeza adzabwerera nalo kwawo, ndipo mwini wake uyu wavomera yekha. Koma chifundo chinawagwira. Anakankhira makapu kutali, anamata kachikopa kopyapyala m'mphepete mwa masamba awiriwo, n'kuyamba kusoka pathebulo pomwepo. Ntchito imene kale inali ya mphindi khumi inawadyera masana onse. Ulusi unakana kulowa m'singano kanayi, zala zikuwawa ngati zalumidwa ndi mavu, koma mkuluyo atati awathandize anamuyang'ana diso limodzi, iye n'kubweza manja.

Atamanga mfundo yomaliza anakankhira masambawo kwa Bambo Quilty.

"Mukagule felemu yokulirapo. Ndipo musawapachikenso pafupi ndi ketulo, nthunzi imaononga. Galasi la a Bernadette mulisunge."

"Aa, mayi, nanga lanu lija? Si mwati inali mphatso ya ukwati wanu?"

"Ndinadula kamodzi, bambo. Kachiwiri ayi."

Kumeneko kunali kusoka kwawo kotsiriza. Atafika kunyumba ndi envelopu yopanda kanthu anapeza msomali uli wokha pakhoma la kuchipinda, mbali imene a Lindsay ankagona. Mpaka lero sanauzule.