Tsabola wa amalume anafika ndi mnzake

Sukulu ya zamalonda ndinaisiyira panjira, koma kwathu ku Chikwawa mbiri inafika itavala tayi: ankati ndine katswiri wa misika ya ku Ulaya. Ukatswiriwo unali wotsuka makapu m'kalesitilanti ku Barking, mumzinda wa London. Shuga ndinkamudziwadi, poti ndinkamupukuta pamatebulo tsiku ndi tsiku.

Amalume anali mlimi wa nzimbe. Kwa zaka zambiri shuga wathu ankagulidwa kuno pamtengo wapadera, ngati mlendo wopatsidwa ntchafu ya nkhuku. Kenako eni nkhuku anati ntchafu zatha, aliyense alimbirane zipalapasiro. Mtengo utayamba kutsika, kumudzi kunafika alangizi a magalimoto oyera kudzauza alimi kuti asadalire mbewu imodzi. Amalume, munthu womvera mopitirira, anazula nzimbe munda wonse n'kudzala tsabola.

Anandiimbira foni ndili m'basi.

"Mphwanga, tsabola wadzaza nyumba. Ndatumiza wolawitsa ndi amayi ena a mvano akubwera ku London konko, ku Edmonton. Upeze bwana wogula, apo ayi chaka chino tadya mphepo."

"Amalume, kuno sagula choncho."

"Bwanji, azungu alibe malilime? Ndipo thumbalo usamasule. Amasule bwanayo, ndiye ulemu wake."

Amayiwo ananyamulira katundu theka la boma lathu, ndipo za ine anakumbukira mochedwa, thumba litagonera pafupi ndi hita yotenthetsera m'nyumba. Nditafika anandipatsira pakhomo, atatembenuza nkhope.

"Tenga, mwanawe. Ana anga akukana kulowa m'nyumba, akuti mwafa chinthu."

Linali thumba la feteleza, losokedwa ndi chingwe mwachikondi. M'basi yopita ku Ilford anthu anandisiyira mipando yonse yakumbuyo. Ulemu wotere ndinali ndisanaulandirepo m'dziko lino.

Wogulayo anali bambo wachimwenye wopikulitsa zokometsera ndiwo, amene mnzanga wa ku Chipata anandipezera movutikira. Ndinavala suti yomwe ndinagulira tsiku lolandira digiri, nayonso ioneko kunja. Bamboyo anadula chingwe.

Pamwamba pa tsabola panagona mlamba wowamba, waukulu ngati mkono, wokulungidwa m'nyuzipepala. Amalume sapita kwa munthu wamkulu chimanjamanja. Koma hita ija inali itauukitsa kwa akufa: mimba yake inkayenda yokha ndi mphutsi, zonenepa, zooneka kuti ulendo wa pandege unaziyanja. Mafuta ake anali atatsikira m'tsabola yense, ndipo pansi panamera chuku chobiriwira. Fungo lake linali ndi msana. Antchito a m'sitolomo anatsegula zitseko zonse ngakhale kunali chisanu.

Bamboyo, atatseka mphuno ndi mpango, anandifunsa mwaulemu ngati kwathu timasunga tsabola motero. Ndinayankha mwaulemu womwewo kuti nsombayo ndi mphatso yake. Anathokoza. Anafunsanso za mapepala a ukhondo, ndi kuti tingatumize makontena angati pamwezi. Alangizi aja za zimenezi sanatchuleko. Iwo anali atamwa Fanta n'kubwerera ku Lilongwe. Thumbalo ndinakaliponya ndekha m'bini yakuseri, ndipo mphaka amene anali pamenepo anasamuka.

Amalume ndinawauza zonse, osachotsa ngakhale mphutsi imodzi. Mayunitsi a foni akutha, iwo anafunsa:

"Koma nsombayo analandira?"

"Anathokoza, amalume."

"Ndiye ndi munthu woleredwa. Vuto ndiwe, sunadziwe kulankhula."

Tsabola wodzaza nyumba uja anakamuyala pamsika wa ku Nchalo, pakati pa alimi anzawo onse omvera, aliyense ndi mulu wake wofiira, ogula palibe, anthu akungoyetsemulirana. Wotsala anaolera m'nyumba mpaka azakhali anasamukira kukhitchini. Nyengo yodula nzimbe itafika, amalume ananola chikwanje chawo n'kukapempha ganyu m'munda wa mnansi wawo, bambo wogontha amene pamsonkhano wa alangizi sanamve kanthu.